Yowie wa ku Australia: chinyani chobisala m'nkhalango, kapena nkhani ya eni ake yomwe alendo anaimva mwatheka?

Kumidzi ya mkatikati mwa New South Wales ku Australia, agogo a mtundu wa Wiradjuri anali ndi mawu omwe amakonda kukuwira ana dzuwa likapendeka: ana inu, werengani zithunzithunzi zanu. Tanthauzo lake ndi loti ngati mukusewera muli asanu koma pansi pakuoneka zithunzithunzi zisanu ndi chimodzi, nde kuti pakati panupo palowa wina yemwe si mnzanu, kamunthu kaubweya kotchedwa yuuri, ndipo chanzeru apo ndi kuliyatsa liwiro wa kunyumba. Mawu amenewa anafika mpaka pokhala mutu wa kabuku ka nkhani zomwe Frank Povah anatolera kwa akuluakulu a kumeneko n'kutulutsa mu 1990. Ndayambira dala apa chifukwa mukasaka dzina loti yowie pa YouTube lero, zomwe zikubwerereni ndi chimunthu cha mamita awiri kapena atatu, chakuda bii, chonga gorila, chojambulidwa ndi kamera yonjenjemera usiku, ndipo wofotokozayo amamaliza ndi mawu oti Aaborijini, eni dziko a ku Australia, akhala akuchidziwa kwa zaka masauzande. Koma yuuri wa agogo aja ndi wamfupi ngati mwana wa sitandade 1. Nde ndi uti weniweni?

Poyamba tichotse kaye kusokoneza kumodzi. Aaborijini si mtundu umodzi. Pomwe zombo zoyamba za Angerezi zimafika ku Sydney mu January 1788, dzikolo linali ndi zilankhulo zoposa 250, mtundu ulionse ndi nthaka yake, malamulo ake, nkhani zake, pa dziko lalikulu kuposa Malawi maulendo pafupifupi 65. Munthu wa ku chipululu cha Tanami ndi wa kugombe la kummwera kwa Sydney sakanamvana olo liwu limodzi. Choncho kunena kuti Aaborijini amakhulupirira yowie kuli ngati wina atenge napolo, tokoloshi, ndondocha ndi mami wata, aziphatikize pamodzi, azipatse dzina limodzi n'kumati ichi ndi chilombo cha anthu a mu Africa. Mungaseke. Koma ndi zomwe zinachitika kumeneko.

Tiyeni tione zina mwa zomwe anaziphatikizazo, chifukwa kukoma kwa nkhaniyi kuli m'kusiyanaku.

Kugombe la kummwera kwa New South Wales, kwa anthu a mtundu wa Yuin, kuli doolagarl, ena amalemba dulagal. Uyu nde amene akufananako kwambiri ndi zomwe anthu amaganiza. Mkulu wina wodziwika wa kumeneko, Percy Mumbulla, anamufotokozera wolemba nkhani Roland Robinson m'zaka za m'ma 1950 kuti ndi munthu waubweya wa chidali chachikulu, mikono yaitali, chipumi chobwerera kumbuyo, mutu womira m'mapewa ngati alibe khosi, ndipo amakhala m'mapiri. Taonani kuti akumutcha munthu, osati nyama. Ali ndi malo ake, ali ndi njira zake, ndipo iwe ukalowa m'dera lake mosasamala vuto ndi lako.

Komweko kummwera chakummawa, R. H. Mathews, yemwe ntchito yake yeniyeni inali yoyeza malo koma anathera ukalamba wake akulemba miyambo ya Aaborijini koyambirira kwa zaka za m'ma 1900, analemba za yaroma. Wamkulu kuposa munthu, ubweya thupi lonse, koma kamwa lake lalikulu loti amameza munthu wathunthu, amayenda awiriawiri n'kumaima mopatsana misana kuti aziona mbali zonse, mano amanolera pamiyala, ndipo akakuthamangitsa njira yopulumukira ndi kudumphira m'dziwe chifukwa sanyowetsa mapazi ake. Abale, palibe nyani padziko pano womeza munthu wamphumphu. Ichi si lipoti la ofufuza nyama, ndi chinthu chamtundu wina.

Tikapita ku chipululu, kwa a Warlpiri a ku Lajamanu ndi madera oyandikana, kuli pangkarlangu. Chimphona chaubweya, zikhadabo zakuthwa, chopanda khosi nachonso, ndipo ntchito yake ndi kuba makanda ndi ana osochera, kuwapha n'kuwakoleka pa lamba wa m'chiuno wolukidwa ndi tsitsi kenako kukawaotcha pamoto. Pamoto! Nyama imakoleza moto ngati? Imaluka lamba? Pangkarlangu ndi chithunzi cha munthu yemwe wataya umunthu wonse, wodya anzake, wosadziwa chibale. Ndipo taganizani malo omwe nkhaniyi imakambidwa: chipululu chomwe kutentha kumapyola madigiri 40, zitsime zili motalikirana makilomita ambirimbiri, mwana wa zaka zinayi akangotsalira kumbuyo pa ulendo olo kwa maola ochepa ndi maliro. Mayi wa kumeneko sangayambe kumufotokozera mwana za kutha kwa madzi m'thupi, amangoti usatalikire, pangkarlangu akutola. Christine Nicholls, yemwe anakhalapo mphunzitsi wamkulu pa sukulu ya ku Lajamanu, walembapo zambiri pa mfundo imeneyi yoti zilombo za m'nkhani za Aaborijini zimayenderana ndi zoopsa zenizeni za malo omwe zikukambidwa.

Kumpoto kwenikweni, ku Cape York pafupi ndi tauni ya Laura, kuli ma quinkan omwe anajambulidwa m'mapanga ndi pansi pa matanthwe, zojambula zodziwika dziko lonse. Ena ndi aatali owonda ngati ndodo okhala m'ming'alu ya miyala, ena ndi aafupi onenepa a michira yokhala ndi chibulumwa kunsonga, amadumpha nayo ngati kangaru. Osaka yowie amakonda kuyika ma quinkan pa mndandanda wawo, koma kunena zoona ambiri mwa iwo safanana ndi nyani olo pang'ono, ndi mizimu basi. Kenako kummwera chakummawa kwa Queensland kuli junjudee, kamunthu kaubweya kotalika mita imodzi kapena kucheperapo, kamakani, kokonda kusowetsa anthu mtendere usiku, kofanana ndi yuuri uja. Nde mukuona, ena ndi zimphona, ena ndi timadyampanje tatifupi, ena amadya anthu, ena amangoteteza malo, ena amamvana ndi asing'anga a mtunduwo omwe pa Chingerezi cha kumeneko amatchedwa cleverman.

Nanga dzina loti yowie linachokera kuti? Apa mpomwe pali zosangalatsa. M'busa wina, William Ridley, m'buku lake la chilankhulo cha Kamilaroi la 1875 analembamo liwu lomveka ngati yowi n'kulimasulira kuti ndi mzimu woyendayenda padziko usiku. Mzimu, sananene za ubweya kapena nyani. Koma m'zaka zonse za m'ma 1800 dzina lomwe azungu amagwiritsa ntchito kwambiri silinali limenelo, linali yahoo, kapena kungoti hairy man, kutanthauza munthu waubweya. Ndipo yahoo ndi dzina lomwe Mngerezi aliyense wophunzira amalidziwa kale kuchokera m'buku la Jonathan Swift la 1726, Gulliver's Travels, momwe ma Yahoo ndi zolengedwa zonga anthu, zaubweya, zauve, zopanda khalidwe. Mu 1842 magazini ina yotchedwa Australian and New Zealand Monthly Magazine inatulutsa nkhani yonena za yahoo kapena devil-devil ngati chikhulupiriro cha Aaborijini. Anthu amatsutsanabe ngati dzinalo linachoka m'buku lija n'kulowa m'kamwa mwa Aaborijini kudzera m'kuyankhulana ndi azungu, kapena ngati panali liwu la eni ake lomveka chimodzimodzi lomwe azungu analikokera ku liwu lomwe amalidziwa. Mulimonsemo, pofika nthawi yomwe nkhanizi zimalembedwa papepala, zinali zitadutsa kale m'khutu la mlendo yemwe anali ndi chithunzi chakechake m'mutu.

Ndipo chithunzicho chimasintha ndi nyengo, ichi nde chomwe chimandigwira mtima ine. Gorila anadziwika kwa asayansi a ku Ulaya ndi America mu 1847. Mu 1859 Charles Darwin anatulutsa maganizo ake aja oti zamoyo zimasintha pang'onopang'ono. Mu 1861 Paul du Chaillu anatchuka ndi nkhani zake zosaka ma gorila ku Gabon, zodzaza ndi chilombo choimirira n'kumadziguguda pachifuwa. Kuyambira pamenepo hairy man wa m'manyuzipepala a ku Australia anayamba kuoneka ngati gorila. Mu December 1882 Henry James McCooey, munthu wokonda zofufuza zachilengedwe, analembera nyuzipepala ya Australian Town and Country Journal kuti waona nyani wa dziko lomwelo pakati pa Batemans Bay ndi Ulladulla, wopanda mchira, wa ubweya wautali wakuda wofiirira chapakhosi, wotalika ngati mita imodzi ndi theka, akuti anamugenda ndi mwala n'kuthawa, ndipo analonjeza kuti akampatsa mapaundi 40 akagwira mmodzi n'kukapereka ku Australian Museum. Sanabweretse kanthu. Mu 1912 woyeza malo wina, Charles Harper, anauza nyuzipepala ya Sun ya ku Sydney kuti chimunthu chaubweya chinafika pa moto wawo usiku m'mapiri a Currickbilly, agalu ali nyomi ndi mantha, icho chikudziguguda pachifuwa. Kudziguguda pachifuwa, ndendende gorila wa du Chaillu. Olo Percy Mumbulla amene, pofuna kuti mzungu amvetse msanga za doolagarl, anamuyerekeza ndi gorila, nyama yomwe agogo ake sanaionepo. Izi sizikutanthauza kuti amanama ayi, munthu umafotokoza ndi mawu omwe womvayo angamve, koma mawuwo akalembedwa amasanduka umboni woti eni ake anati ndi nyani.

Kenako nkhaniyi inakhala ngati yazilala kwa zaka zambiri, mpaka zinthu zinatentha kunja. Mu 1951 Eric Shipton anajambula chidindo cha phazi lalikulu pa chipale cha m'mapiri a Himalaya, yeti, chimunthu chaubweya chomwe amati chimakhala kumeneko, n'kutchuka. Mu 1958 ku Bluff Creek ku California kunabadwa dzina loti Bigfoot, ndipo mu 1967 Roger Patterson ndi Bob Gimlin anatulutsa kanema wawo wa chinthu chaubweya chikuyenda m'mbali mwa mtsinje, yemwe anthu akukanganiranabe mpaka lero. Australia inafunanso chake. Cha pakati pa zaka za m'ma 1970 Rex Gilroy wa ku Blue Mountains anayamba kuyankhula m'manyuzipepala ndi pawailesi za yowie, ndipo ndi iyeyu amene analifalitsa dzinali mpaka linameza maina ena onse. Mu 1977 Graham Joyner wa ku Canberra anasonkhanitsa nkhani zakale za m'manyuzipepala za hairy man, ndipo iyeyo amaona kuti yowie wamakonoyu ndi chinthu chatsopano chosiyana ndi yahoo wa m'ma 1800. Chaka chomwecho gulu la ana a sukulu omwe anali pa kampu ku Springbrook ku Queensland linati laona chimunthu chaubweya, ndipo mmodzi mwa anawo, Bill O'Chee, anadzakhala senata wa Queensland kuyambira 1990 ndipo anabwerezabe poyera kuti anachionadi. Kumapeto kwa 1979 anyamata awiri ku Kilcoy, tauni ina ya ku Queensland, anati akumana nacho, chaka chotsatira tauniyo inaimika chiboliboli cha yowie, ndipo pano kuli paki ya Yowie, timu ya ragibi ya kumeneko ndi ma Yowies. Pofika 1997 kampani ya Cadbury inali ikugulitsa chokoleti chotchedwa Yowie chokhala ndi kachidole mkati. Kuchoka pa mzimu woyenda usiku kufika pa switi ya ana, zaka 122 zokha.

Tsono funso lomwe aliyense amafuna: kodi n'kutheka kuti kuli nyani wamkulu yemwe akubisala kumeneko? Yankho lake lili pa mapu a nyanja, osati m'nkhalango.

Pakati pa zilumba za Bali ndi Lombok ku Indonesia pali kampata ka nyanja ka makilomita pafupifupi 35 okha, koma n'kozama kwambiri. Alfred Russel Wallace, yemwe anayendayenda m'zilumba zimenezi m'zaka za m'ma 1850, anazindikira kuti nyama za mbali ziwirizi n'zosiyana modabwitsa, ndipo mzere wolekanitsa mbali ziwirizi umatchedwa dzina lake mpaka lero. Chifukwa chake ndi ichi. Nthawi yomwe dziko linazizira kwambiri madzi ambiri anaundana, nyanja inatsika ndi mamita oposa 100, Sumatra, Java, Borneo ndi Bali zinalumikizana ndi Asia moti akambuku, zipembere ndi ma orangutan amangoyenda pansi. Mbali inayo Australia, New Guinea ndi Tasmania zinali dziko limodzi lomwe asayansi amalitcha Sahul. Koma pakati pa mbali ziwirizi madzi sanaphwepo olo kamodzi. Nde Australia inakhala payokha kwa zaka mamiliyoni ambiri ndi nyama zakezake zosunga ana m'thumba, kangaru, koala, wombat, kuphatikizapo zoikira mazira ngati platypus. Nyama zoyamwitsa za mtundu wathu uno, zosasunga ana m'thumba kapena kuikira mazira, zomwe zinafikako zokha ndi mileme yomwe inauluka ndi makoswe omwe anayandama pa zinyalala za mitengo, kenako anthu pa mabwato, kenako galu wam'tchire dingo yemwe anabwera ndi anthu zaka 3,500 kapena kuposerapo zapitazo. Nyani, pusi, changa, chilichonse cha banja limenelo, palibe. Ofukula zakale apeza mafupa ambirimbiri ku Riversleigh ndi m'mapanga a Naracoorte, a nyama zazikulu ndi zazing'ono, koma olo dzino limodzi la nyani silinapezekepo.

Okhulupirira amakonda kutchula Gigantopithecus, chinyani chachikulu chomwe chinakhalakodi. Zoona chinaliko, Ralph von Koenigswald anapeza dzino lake mu 1935 mu shopu ya mankhwala achikuda ku Hong Kong. Koma chimakhala kummwera kwa China ndi madera oyandikana, chomwe tili nacho ndi mano ndi zibwano zinayi basi, chinali wachibale wa orangutan, ndipo chinatha zaka zoposa 200,000 zapitazo. Kuti chifike ku Australia chikanayenera kusema bwato.

Amatchulanso zinthu zomwe zinabisala nthawi yaitali, ndipo apa ndiwapatse ulemu wawo chifukwa zitsanzo zake n'zenizeni. Chikopa cha platypus chitafika ku London, George Shaw mu 1799 anayamba wakaikira kuti wina wasokerera mlomo wa bakha pa kanyama kena. Mtengo wa Wollemi pine, omwe unkadziwika ndi zotsalira za m'miyala zokha, unapezeka uli moyo mu 1994 m'chigwa china makilomita 150 okha kuchokera ku Sydney, anaupeza ndi David Noble woyang'anira nkhalango. Mbalame ya night parrot inasowa pafupifupi zaka 100 mpaka inajambulidwa yamoyo mu 2013. Koma mtengo sumayenda, ndipo mbalame ija n'njokwana m'manja. Chinthu cha makilogalamu 200 kapena 300 sichingakhale chimodzi, pamafunika mazanamazana kuti mtundu usathe, onsewo azidya, azichita chimbudzi, azidwala, azifa, ena azigundidwa ndi malole ngati momwe ma kangaru amagundidwira tsiku ndi tsiku m'misewu ya kumeneko. Ndipo moto wa 2019 mpaka 2020 unatentha mahekitala mamiliyoni ambiri, kuphatikizapo gawo lalikulu la nkhalango za Blue Mountains ndi gombe lakummwera lija la doolagarl, akatswiri anayerekeza kuti nyama pafupifupi 3 biliyoni zinafa kapena kusowa pokhala, anthu anayenda m'phulusa lonselo kutola mitembo ya nyama ndi kupulumutsa zotsala, ma drone ali m'mwamba. Mtembo wa yowie sunaoneke. Kunjanso zimathera momwemo: mu 2014 Bryan Sykes wa ku Oxford anayeza DNA ya ubweya womwe anthu anatumiza kuti ndi wa yeti kapena Bigfoot, zotsatira zake zinali zimbalangondo, mahatchi, ng'ombe, agalu, ngakhale tsitsi la munthu.

Nde basi, ndi nthano chabe? Apa nde ndimasiyana ndi onse awiri, osaka yowie ndi owaseka omwe.

Nkhani za pakamwa za Aaborijini si zoti n'kuzipeputsa. Anthuwa akhala pa dzikolo zaka zosachepera 50,000, ndipo kafukufuku wa pa thanthwe la Madjedbebe wa 2017 anati mwina 65,000, ngakhale ena amatsutsa chiwerengero chimenecho. Patrick Nunn ndi Nicholas Reid anasonkhanitsa nkhani za m'malo 21 kuzungulira gombe lonse zonena za nthawi yomwe nyanja inameza mtunda, monga ya anthu a ku Melbourne yoti pomwe pali nyanja ya Port Phillip Bay lero makolo awo amasakapo kangaru, n'kuzifananiza ndi momwe madzi anakwerera dziko litayamba kufunda, ndipo zikuonetsa kuti zina mwa nkhanizi zikukumbukira zinthu za zaka zoposa 7,000 zapitazo. Popanda pepala olo limodzi. Chinsinsi chake n'choti nkhani kumeneko si ya aliyense, ili ndi mwini, ili ndi womuyang'anira mwiniyo kuti asaikhotetse, ndipo imamangiriridwa ku phiri lakuti, chitsime chakuti, nyimbo yakuti.

Chifukwa cha zimenezi ena amafunsa ngati anthu aubweyawa si chikumbutso cha chinthu chomwe makolo anachionadi kalekale. Anthu oyamba atafika anapeza nyama zoopsa: Diprotodon wonga wombat koma wolemera matani oposa awiri, ndi Procoptodon, kangaru wa nkhope yaifupi yophwatalala, mikono yaitali yothyolera masamba m'mwamba, wotalika mamita awiri akaima. Tangoganizani kukumana ndi chimenecho chisisira. Nyamazi zinatha zaka 40,000 kapena kuposerapo zapitazo. Palinso nkhani ya anthu a mitundu ina: Aaborijini ndi anthu a ku New Guinea ali ndi gawo la DNA, pafupifupi 3 mpaka 5 pa 100 alionse, lochokera kwa anthu akale otchedwa ma Denisovan omwe makolo awo anakumana nawo pa ulendo wochoka ku Asia. Ndipo pa chilumba cha Flores, chomwe chili kale kutsidya kwa mzere wa Wallace, mu 2003 m'phanga la Liang Bua munapezeka mafupa a Homo floresiensis, anthu otalika mita imodzi n'kachidutswa, pa chilumba chomwe anthu a mtundu wa Nage amakamba za tianthu taubweya totchedwa ebu gogo. Zimakopa, ndikuvomera. Ifenso kuno tili ndi chitsanzo cha Akafula, amwandionerapati aja, omwe m'nkhani amamveka ngati a m'nthano chonsecho anali anthu enieni osaka nyama omwe anasiya zojambula zofiira m'mapanga a ku Chongoni. Koma kusiyana kwake n'koti za Akafula pali zida ndi zojambula zoti n'kuloza, za kukwera kwa nyanja pali miyeso yoti n'kufananiza, pomwe za munthu waubweya wa ku Australia palibe fupa loti nkhaniyo itsamirepo, ndipo zaka 40,000 ndi mtunda wina poyerekeza ndi 7,000. Mafupa akale kwambiri a anthu omwe anapezeka kumeneko, monga Mungo Man yemwe Jim Bowler anamupeza mu 1974, wa zaka pafupifupi 40,000, ndi a anthu ngati ife tomwe.

Zina mwa zomwe azungu akale amaona zili ndi yankho lapafupi kwambiri. Australia inali ndende, akaidi amathawira m'tchire. William Buckley anathawa mu 1803 n'kukhala zaka 32 ndi a Wathaurong, omwe anamulandira ngati m'bale wawo womwalira yemwe wabwerera, ndipo pomwe amatulukira kwa azungu anzake mu 1835 anali chimunthu cha pafupifupi mamita awiri, ndevu mpaka pachifuwa, atavala zikopa, Chingerezi ataiwala. Woweta nkhosa wamantha atamuona patali madzulo akanakafotokoza zotani ku bala?

Pali mbali ina yowawa yomwe okonda nkhani za yowie sakonda kuikhudza. Zaka zomwezo zomwe manyuzipepala amasangalala ndi nyani-munthu wa m'tchire, asayansi ena a ku Ulaya amalemba poyera kuti Aaborijini eni akewo ndi omwe ali pafupi ndi anyani, manda awo amafukulidwa, zigaza n'kumatumizidwa ku nyumba zosungira zakale za ku Britain ndi kwina. Truganini wa ku Tasmania anamwalira mu 1876 atapempha kuti thupi lake lisadulidwedulidwe, koma mafupa ake anaikidwa pa chionetsero ku Hobart mpaka 1947, ndipo anadzatenthedwa mwaulemu mu 1976. Malamulo amati dzikolo linalibe mwini pomwe Angerezi amafika, mpaka khoti lalikulu linagwetsa bodza limenelo pa mlandu wa Mabo mu 1992. Ana a Aaborijini amalandidwa kwa makolo awo ndi boma mpaka cha m'ma 1970, zomwe nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa pa 13 February 2008. Ndikamaganiza za agogo aja okuwa kuti werengani zithunzithunzi zanu, ndimakumbukira kuti m'zaka zimenezo wobera ana weniweni amabwera masana pa galimoto atanyamula mapepala. Ngakhale nkhani zenizenizo zimabedwa: David Unaipon wa mtundu wa Ngarrindjeri, yemwe nkhope yake ili pa ndalama ya madola 50 lero, anatolera nkhani za makolo m'zaka za m'ma 1920, koma buku linatuluka mu 1930 pa dzina la mzungu William Ramsay Smith, ndipo linadzatuluka pa dzina la mwini wake mu 2001.

Nde munthu akabwera ndi kamera n'kufunsa mkulu wa Yuin kuti kodi doolagarl alikodi, ndipo mkuluyo n'kuyankha kuti eya aliko, awiriwa sakukamba chinthu chimodzi. Wofunsayo akufuna nyama yoti aitchere, aiyeze, aipatse dzina la Chilatini. Woyankhayo akunena za wina yemwe ndi gawo la malowo limodzi ndi phiri, mtsinje ndi makolo, m'dongosolo lomwe azungu analimasulira molakwikako kuti Dreaming, pomwe a Warlpiri amati Jukurrpa, a Arrernte amati Altyerre, ndipo si maloto kapena kalekale wa m'nthano, ndi lamulo lomwe linaliko ndipo likugwirabe ntchito lero. M'dongosolo limenelo kufunsa ngati ndi mzimu kapena nyama kulibe mutu kwenikweni. Komanso musaiwale kuti zina sizinenedwa kwa aliyense, pali za amuna okha, za akazi okha, za olowa chinamwali okha, nde zomwe mlendo amapatsidwa nthawi zambiri ndi gawo la ana, lakunja. Aliyense wokulira kufupi ndi dambwe akudziwa momwe mlendo wofunsitsa amayankhidwira, amapatsidwa yankho loona koma lomukwanira iyeyo. Ndipo Aaborijini nawonso sayankhula ndi pakamwa pamodzi, alipo omwe amati anamuona ndi maso n'kumva fungo lake, alipo omwe amati zinali zotiopseza tili ana, alipo a mpingo omwe safuna n'kumva komwe.

Phiri la Gulaga, lomwe James Cook analipatsa dzina loti Mount Dromedary mu 1770 akudutsa pa chombo osatsikako n'komwe, linabwezedwa kwa a Yuin mu 2006 limodzi ndi phiri la Biamanga, ndipo pano ndi eni ake omwe ali ndi mawu pa zoti mlendo apite pati, auzidwe ziti. Mu 2016 wailesi ya kanema ya ABC inaonetsa sewero lotchedwa Cleverman, lomwe analiyambitsa ndi Ryan Griffen, Mwaborijini yemwe amafuna kuti mwana wake akhale ndi ngwazi ya chikhalidwe chake m'malo mwa za ku America zokhazokha, ndipo anayenda kaye kukapempha chilolezo kwa akuluakulu asanagwiritse ntchito nkhanizo. M'seweromo anthu aubweya aja atuluka poyera, ali ndi chilankhulo chawo, mabanja awo, amakhala zaka zambiri kuposa ife, ndipo boma lawatsekera kumpanda, manyuzipepala akuwatcha zinyama, asayansi akufuna magazi awo.